Za boma zili ndi mwini wake

Pali mawu ena amene ambiri a ife tinakula tikuwamva kumudzi, ndipo tinawoloka nawo nyanja osadziwa kuti tawanyamula: "Ndi za boma izi." Munthu akatero amatanthauza kuti chinthucho chilibe mwini woti n'kulira chikasowa. Mankhwala a malungo amene anayenera kukhala pachipatala cha boma tinkawapeza pamsika, ndipo wogulitsa ndi wogula yemwe ankagona tulo tabwino. Munthu yemweyo sakanagwira nkhuku ya mnansi wake, koma kutuluka ndi katoni ya mankhwala sankakuyesa kuba. Ankangoti mbuzi imadya pamene aimangirira.

Funso limene ndikufuna tilingalire limodzi ndi ili: munthu akanamiza thumba la boma lolipirira odwala osauka, walakwira ndani? Nanga ngati sananame, koma wangodutsa pampata umene lamulo linasiya, pali mlandu? Ndilankhula za Medicaid ya kuno ku America, chifukwa ambiri a ife imatikhudza mbali zonse ziwiri. Ena timathandizidwa nayo tikadwala, ndipo ena malipiro athu amachokera m'thumba lomwelo pa ntchito yosamalira okalamba ndi olumala.

Inu a ku Britain amene munazolowera NHS mudziwe kuti kuno n'kosiyana. Munthu amalowa m'chipatala ndi inshuwalansi, apo ayi amatulukamo ndi ngongole yoti aibweze kwa zaka. Medicaid ndi inshuwalansi ya boma ya anthu opeza zochepa. Pulezidenti Lyndon Johnson anasaina lamulo lake pa 30 July 1965, tsiku limodzi ndi la Medicare imene imathandiza okalamba. Boma lalikulu la ku Washington limaponyamo theka la ndalama kapena kupitirirapo, zotsalazo n'kuperekedwa ndi chigawo chilichonse, ndipo chigawocho ndi chimene chimayendetsa. N'chifukwa chake mayina amasiyana: ku California amati Medi-Cal, ku Arizona amati AHCCCS. Anthu pafupifupi 70 miliyoni amadalira thumba limeneli. Mwa ana 10 alionse obadwa m'dziko muno, 4 amabadwa molipiridwa ndi Medicaid, ndipo mwa anthu 10 ogona m'nyumba zosungirako okalamba, pafupifupi 6 amalipiridwa nayo. Eni ake a thumbali ndi amenewo: mayi woyembekezera, mwana wolumala, agogo amene anaiwala ndi dzina lawo lomwe.

Tiyambe ndi akuba aakulu, poti pa iwo sitingatsutsane. Mu May 2023 akuluakulu a ku Arizona analengeza za chinyengo chimene chinadya madola oposa 2 biliyoni. Anthu ena anatsegula malo amene ankati ndi othandiza omwerekera ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Anaona kuti gawo la Medicaid lothandiza Amwenye a ku America linkalipira mabilu popanda kufufuza mokwanira. Ndiye ankatumiza magalimoto kumidzi ya mtundu wa Navajo ndi mitundu ina kukatola anthu ovutika, kuwalonjeza chithandizo, n'kukawaika m'nyumba za mumzinda wa Phoenix. Kumeneko chithandizo kunalibe. Ena ankasiyidwa kuti azimwabe, bola dzina lawo likhale pa bilu ya tsiku ndi tsiku. Atolankhani atafufuza anapeza kuti anthu osachepera 40 anamwalira m'nyumba zimenezo. Boma litasiya kulipira malowo, ambiri anangotayidwa pamsewu, kutali ndi kwawo, m'dzuwa loswa mtengo la ku Phoenix. Ku Miami nako, Philip Esformes, mwini wa nyumba zambiri zosungirako okalamba, anapezeka wolakwa mu 2019 pa chinyengo cha mabilu okwana madola 1.3 biliyoni a Medicare ndi Medicaid, ndipo anagamulidwa kukhala m'ndende zaka 20. Mu December 2020 Pulezidenti Donald Trump anamufupikitsira chilangocho, iye n'kutuluka.

Nkhani ngati zimenezi zimatiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, ndalama zambiri zobedwa m'thumbali sizipita m'thumba la wodwala; amaba ndi amene ali ndi chilolezo chotumiza bilu. Chachiwiri, wobedwa weniweni sanali boma lokhala mu ofesi. Anali munthu amene anakwera galimoto ija akuyembekeza kuti achira.

Tsopano tibwere pa zathu, zimene timanong'onezana tikamamwa tiyi mapemphero atatha. Tiyerekeze mayi wina amene amagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo. M'zigawo 40 zimene zinakulitsa Medicaid potsatira lamulo la mu 2010, munthu wamkulu wokhala yekha amaloledwa ngati amapeza ndalama zosapitirira madola pafupifupi 21,600 pachaka, malinga ndi mlingo wa mu 2025. Akangopitirira mlingowo, watuluka. Mayiyu ali ndi shuga ndi BP. Pa malipiro ake pakudya nyumba zitatu, chifukwa amatumiza fizi ya ana a malemu achimwene ake, ndalama ya feteleza, ndiponso chipepeso pa maliro alionse a kumudzi, koma fomu ya boma ilibe mzere wolembapo zimenezo. Loweruka amaluka anthu tsitsi n'kulipidwa pamanja. Akalemba ndalama ya tsitsiyo pa fomu, inshuwalansi ya mankhwala ake itha. Mnzake akumuuza kuti, "Achemwali, musalembe. Adziwa bwanji? Onani anthu akuba mabiliyoni akuyenda mfulu."

Palinso zina zofanana nazo. Wina walemba papepala la maola kuti anakhala ndi agogo maola 8 pamene anakhala 5. Wina wagwirizana ndi wachibale wa wodwala kuti asabwere n'komwe, agawane malipiro. Wina wabwereka khadi la Medicaid la mnzake kuti mlendo amene alibe mapepala akaonane ndi dokotala, poti lamulo la mu 1996 limachititsa ngakhale ambiri okhala ndi green card kudikira zaka 5 asanaloledwe.

Sindikufuna kupeputsa mtolo wa mayi ameneyu, ndipo sindingamuike pa sikelo imodzi ndi a ku Phoenix aja. Lamulo limene limalanga munthu chifukwa chakuti wagwira ntchito molimbika lili ndi chilema. Ku Texas ndi ku Florida, kumene sanakulitse Medicaid, munthu wamkulu wopanda ana ndiponso wosalumala saloledwa ngakhale atasauka chotani. Amene akudandaula kuti dongosololi ndi lokhota akunena zoona. Komabe ine ndikuona kuti kukhota kwa lamulo sikusandutsa bodza kukhala choona, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Mukukumbukira nkhani ya Gehazi, mnyamata wa mneneri Elisa, m'buku lachiwiri la Mafumu mutu 5. Namani, mkulu wa asilikali a ku Aramu, anachiritsidwa khate atasamba mu Yordano, ndipo Elisa anakana kulandira mphatso iliyonse. Gehazi anamuthamangira n'kumuuza kuti kwangofika anyamata awiri a m'gulu la aneneri amene akusowa siliva ndi zovala. Anyamatawo kunalibe. Gehazi anapeka anthu osowa kuti alandire ndalama m'dzina lawo, monga mmene masiku ano munthu amalembera maola amene sanagwire kapena wodwala amene sanamuone. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti Namani sanamve kupweteka. Anali wolemera, ndipo anapereka kuposa zimene anapemphedwa. Gehazi akanatha kunena mawu athu aja, akuti palibe amene walira. Koma anawononga chinthu chimene sichioneka ndi maso: mlendo uja anabwerera kwawo atalipira machiritso amene anapatsidwa mwaulere, ndipo dzina la osowa linagwiritsidwa ntchito ngati nyambo. Khate la Namani linasamukira kwa Gehazi.

Thumba la odwala osauka limaima pa kukhulupirirana. Anthu mamiliyoni amene sadziwana amalola kudulidwa msonkho chifukwa akukhulupirira kuti ndalamayo ifika kwa wodwala weniweni. Bodza lililonse, lalikulu kapena laling'ono, limadya chikhulupiriro chimenecho ngati chiswe. Ndipo chikatha, boma silisauka ayi. Limangomanga mpanda wautali. Amene amalephera kulumpha mpandawo ndi wofooka.

Zimenezi taziona ndi maso. Lamulo la mu 2016 linalamula kuti osamalira anthu m'makomo azitsimikizira pa foni kapena pa makina nthawi ndi malo amene ayambira ndi kumalizira ntchito, ndipo lero wantchito wokhulupirika amachedwa kulipidwa netiweki ikavuta, chifukwa cha anzake amene ankalemba maola abodza. Kuyambira mu 2023, pamene zigawo zinayambiranso kuunika mayina mliri wa Covid-19 utatha, anthu oposa 25 miliyoni anachotsedwa pa Medicaid, ndipo pafupifupi 7 mwa 10 alionse anachotsedwa chifukwa cha mapepala: kalata inapita ku adiresi yakale, fomu inachedwa, munthu sanamve Chingerezi chake. Ku Arkansas mu 2018 anthu oposa 18,000 anataya inshuwalansi atalamulidwa kuti azitsimikizira mwezi ndi mwezi kuti akugwira ntchito. Lamulo limene linasainidwa pa 4 July 2025 likufuna kuti akuluakulu ambiri azionetsa maola 80 pamwezi a ntchito, sukulu kapena ntchito yongodzipereka, ndiponso kuti aziunikidwa miyezi 6 iliyonse. Andale amene amakhwimitsa malamulowa amatchula mawu amodzimodzi nthawi zonse: chinyengo. Nthawi zina amakokomeza, chifukwa zambiri mwa ndalama zimene boma limati zinalipidwa molakwika zimakhala za mapepala osakwanira osati zakuba. Koma bodza lililonse lenileni limene lagwidwa limawapatsa ndodo. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Pano zodya wochenjera zikupota wodwala.

Ife alendo tili ndi chifukwa china chosamalira. Ku Minnesota mu 2025 boma linatseka pulogalamu yonse ya Medicaid yothandiza okalamba ndi olumala kupeza nyumba, chifukwa chinyengo chinachuluka. Amene ankathandizidwa moona anatsala padzuwa. Ndipo popeza ena mwa oimbidwa milandu anali ochokera ku Somalia, mtundu wonse unayamba kunyozedwa, kuphatikizapo anthu zikwizikwi amene sanakhudzepo ndi senti yomwe. Nsomba ikaola imodzi amati zonse zaola. Si chilungamo, koma ndi mmene kwa eni kumakhalira.

Nanga mpata umene lamulo linasiya? Apa m'pamene funso limavuta, chifukwa palibe bodza limene lanenedwa. Kugona m'nyumba yosungirako okalamba kumapitirira madola 100,000 pachaka m'madera ambiri, ndipo Medicare silipira kukhalamo kwa nthawi yaitali. Medicaid imalipira, koma m'zigawo zambiri munthu ayenera kutsala ndi chuma chosapitirira madola 2,000, kupatula nyumba yokhalamo ndi galimoto. Boma limayang'ana m'mbuyo miyezi 60 kuti lione ngati munthu anagawa chuma chake dala. Ndiye amene ali ndi ndalama amapita kwa loya nthawi ikadalipo, n'kuika nyumba ndi chuma m'thumba lotchedwa trust. Zaka 5 zikadutsa, papepala ndi mmphawi, ndipo thumba la osauka limamulipirira pamene ana ake akulandira chuma chonse. Koma amene sanadziwe njirayi amadya zonse zimene anasunga mpaka zithe, ndipo akamwalira, lamulo la mu 1993 limafuna kuti chigawo chibweze ndalama zake kuchokera pa chuma chamasiye, nthawi zambiri nyumba yomweyo. Wolemera akabisa chuma amati wakonzekera ukalamba. Wosauka akabisa ndalama ya tsitsi amati wachita chinyengo.

Sindingamutche wakuba munthu amene watsata lamulo. Koma lamulo ndi mpanda waufupi, ndipo chikumbumtima chiyenera kutalika kuposa pamenepo. Pa mpanda wa udzu pamakhala khomo, pamakhalanso chibowo pamene udzu unaola. Ponse pawiri munthu atha kudutsa, koma mwini mpanda akakuona pakhomo amati lowani, akakuona pachibowo amapita kukamweta udzu. Lamulo la mu 1988 limalola kuti mwamuna akalowa m'nyumba ya okalamba, mkazi wotsala pakhomo asunge nyumba ndi gawo la chuma kuti asasauke. Limenelo ndi khomo, analimanga dala. Koma kudzisandutsa mmphawi papepala uli ndi chuma chokwanira kudzilipirira, pamene anthu olumala zikwi mazanamazana ali pamndandanda kudikira chithandizo cha pakhomo, ndi kudutsa pachibowo. Ine muyezo wanga ndi uwu: kodi ndingathe kufotokoza zimene ndachitazi mokweza, pamaso pa munthu amene thumbali linapangidwira, osagwetsa nkhope?

Muyezo womwewo umamasulanso anthu ena amene amadzimanga okha. Pali abale pakati pathu amene ali oyenerera Medicaid koma salembetsa chifukwa cha manyazi, kapena salembetsa ana awo obadwira kuno chifukwa cha mantha. Kulandira chimene lamulo linakukonzera si kupempha ndipo si kuba. Msonkho umadulidwa pa malipiro anu omwe. Mayi amene wakana ovataimu kuti asapitirire mlingo sananamize munthu, wangosankha pakati pa zowawa ziwiri. Kusiyana kuli pa fomu ija: zimene ndalembapo n'zoona kodi?

Ndinenenso za mtengo wa bodzali kwa mwini wake, chifukwa mnzathu wotilangiza uja satchula. Wopezeka wolakwa pa mlandu wonamiza Medicaid amaletsedwa kwa zaka zosachepera 5 kugwira ntchito iliyonse yolipiridwa ndi mathumba a zaumoyo a boma, ndipo kwa wosamalira okalamba kumeneko n'kutha kwa ntchito. Kwa amene si nzika, mlandu wa chinyengo choposa madola 10,000 umawerengedwa m'gulu la milandu ikuluikulu imene imapitikitsa munthu m'dziko, ngakhale ali ndi green card. Maola atatu abodza patsiku safuna chaka chathunthu kuti akwane madola 10,000. Kubwereketsa khadi kulinso ndi ngozi yake: matenda, mankhwala ndi gulu la magazi la munthu wina zimalowa m'faelo yanu, ndipo tsiku limene mudzafike kuchipatala muli chikomokere, dokotala adzakhulupirira faeloyo.

Pali ena a ife amene sitinama koma timaona. Mwini kampani akukuuzani kuti musaine kuti munayendera wodwala amene ali m'chipatala, kapena amene anamwalira sabata yatha. Dzanja losaina ndi lanu, ndipo pa tsiku la mlandu dzina loyamba kuwerengedwa lidzakhala lanu. Kanani. Chigawo chilichonse chili ndi ofesi yofufuza chinyengo cha Medicaid ndi nkhanza kwa odwala, ndipo lamulo la False Claims Act, limene linayamba mu 1863 m'nthawi ya Abraham Lincoln, limateteza wantchito woulula kuti asachotsedwe ntchito pa chifukwa chimenecho. Ndikudziwa kuti n'zovuta ngati bwanayo ndi wakwathu amene anakulandirani pabwalo la ndege. Pitani kwa iye poyamba, mumuchenjeze ngati m'bale. Koma kukhala chete pamene agogo akugona ndi njala ndi zilonda, pepala likunena kuti asamalidwa, si chibale.

Tsono ngati tikuuza mayi uja kuti alembe zoona, sitingamusiye yekha ndi zotsatira zake. Kulalikira kukhulupirika kwa munthu amene mankhwala ake a shuga atha mawa, ife manja ali m'thumba, n'kumusenzetsa katundu amene sitikumukhudza. Pali makomo enieni amene ambiri sawadziwa. Wopitirira mlingo wa Medicaid nthawi zambiri amatha kugula inshuwalansi yotsitsidwa mtengo pa msika wa boma wa inshuwalansi. Zipatala zing'onozing'ono za m'madera zothandizidwa ndi boma lalikulu zimalipiritsa molingana ndi zimene munthu amapeza, ndipo sizibweza munthu chifukwa alibe inshuwalansi. Zipatala zosachita malonda zimalamulidwa kukhala ndi dongosolo lochepetsera osauka mabilu, koma munthu ayenera kupempha fomu yake. Lamulo la mu 1986 limaletsa chipatala kubweza munthu wodwala mwadzidzidzi kapena mayi amene watsala pang'ono kubereka, kaya ali ndi mapepala kaya alibe. Pakati pathu pali anamwino ndi ena odziwa mafomu amenewa. Akhale pansi ndi amene sadziwa. Timasonkha mofulumira ndalama zotumizira maliro kumudzi, ndipo n'zabwino. Tingathenso kusonkha za mankhwala munthuyo adakali moyo. Ndipo amene ali nzika ali ndi voti ndi pakamwa poti anene kuti lamulo lolanga wolimbikira ntchito likonzedwe.

Mawu aja akuti "ndi za boma izi" anatipweteka kwathu, pamene mwana ankamwalira ndi malungo mankhwala ali pamsika. Tisawabzalenso kuno. Fomu ikakhala patsogolo panu, kapena pepala la maola, kumbukirani kuti kuseri kwake kuli munthu wogona pabedi amene simudzamuona, ndipo mawa munthu ameneyo angakhale inu kapena ine. Ambuye atipatse manja oyera, ndi mtima wonyamulana kuti m'bale asafike ponama chifukwa chosowa womuthandiza.